Inabwera Sensa Imodzi Yokha

9 Febuluwale

Mayi a ana,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi ana ndi apongozi. Kuno ndadzuka, kungoti chimfine cha fumbi sichikundisiya. Alamu, alongo anu, nawonso ali bwino, akupereka moni. Ayamba kuzolowera, ngakhale sabata yoyamba ankati akatuluka m'dzenje n'kusanza, chakudya osachiyang'ana n'komwe. Zimenezi musawauze akazi awo, angade nkhawa ndi pakati paja.

Ndalemba kalata chifukwa pafoni mayunitsi amatha tikadali pa moni. Dalaivala wa lole uja akupatsani pamodzi ndi chikwama. Muli nsapato za kusukulu za wamkulu, bulangete la apongozi ndi sopo. Nsapatozo ndagula zokulirapo dala, muikemo pepala kutsogolo.

Nkhani yabwino ndi yakuti andichotsa kumaenje. Paja ndinakuuzani kuti kampani yathu imatsuka mathanki ndi maenje a mapaipi a zonyansa. Pansipo pamakhala mpweya woipa. Ukakhala wochepa umanunkha ngati mazira owola, koma ukachuluka umayamba wapha mphuno yako, fungo osalimvanso, kenako umangogwa. Ndiye gulu lililonse lili ndi kachipangizo kachikasu, kukula kwake ngati kamtanda ka sopo, kamene wolowa m'dzenje amakoleka pachifuwa. Kakamva mpweya woipawo kamalira n'kumathwanima, munthu n'kuthawa. Tizipangizoti anzanga amatitcha tiagalu chifukwa cha kuuwako. Tilipo tisanu, magulunso ndi asanu, kagalu kalikonse ndi nambala yake.

Mkulu amene ankasamala tiagaluto wapuma ntchito, maso afooka. Akapitawo asankha ine chifukwa ndinawakonzerapo wailesi ya m'galimoto. Mkuluyo anandiphunzitsa masiku atatu okha n'kundisiyira tebulo, nyale, kabati ndi kabuku kachizungu kothothoka masamba. Tsopano ndimaweruka zovala zili zoyera. Alamu akuti ndasanduka dokotala wa agalu.

M'chipinda tikugona atatu: ine, alamu ndi bambo wina amene aliyense amangowatcha Ometa. Nawonso ndi a kumaenje, koma Lamlungu amatulutsa mpando pakhonde n'kumameta anthu ulere, malipiro ake ndi kumvera nkhani zawo basi. Atawameta alamu, Ometa anabwerera m'mbuyo, n'kuyang'anitsitsa, n'kunena kuti mutu woterewu wamakona anayi sanauonepo, akanadziwa akanabwereka lula kwa kalipentala. Alamu anaseka mpaka kutsokomola. Ndi munthu wabwino, ali ndi ana anayi kwawo, ndipo ndi amene amatidzutsa m'mawa.

Denga la kuchipinda kwa ana lisadikire mvula ina. Muitane mmisiri wa kuseri kwa chigayo, osati uja amafika atalawa kale.

Ndine,
Bambo a ana.

16 Malichi

Mayi a ana,

Moni nonse kumeneko. Kalata yanu ndalandira, ndasangalala kumva kuti denga lasiya kudontha ndiponso kuti wamng'ono wayamba kuyenda chogwira khoma. Pomwe ndizidzabwera adzakhala akuthamanga, adzandithawa ngati mlendo. Ine ndili bwino. Alamu anenepako, lamba asuntha bowo limodzi.

Mwafunsa ngati ntchito yatsopanoyi yabwera ndi malipiro atsopano. Ayi, yabwera ndi mpando basi. Za diresi lija tidzaona mwezi wamawa, zinthu kuno zakwera, mafuta ophikira tikuchita kusonkherana atatu.

Pali kanthu kena kakundivuta pang'ono. M'kati mwa kagalu kalikonse muli kachinthu kozungulira ngati chivindikiro cha botolo, dzina lake sensa, koma ife timangoti mphuno, poti ndi kamene kamanunkhiza. Mphunoyo imakalamba. Ikatha zaka ziwiri imayamba ulesi, kenako imafa, koma kagalu kamayakabe bwinobwino, manambala n'kumaoneka, munthu n'kumati ndatetezeka. Lolemba lililonse ndimatiyesa. Ndimavundikira kachipewa pamphunopo, n'kutsegula kabotolo ka mpweya woyesera, maso ali pa wotchi. Kabwino kamalira theka la mphindi lisanakwane. Sabata ino titatu tinalira pa nthawi yake. Nambala folo, kamene amanyamula alamu, kanalira patatha mphindi yathunthu. Nambala thu, ka gulu la Ometa, ndinadikira mphindi zitatu, ndipo kanalira ndili pafupi kutseka botolo.

Ndinawauza akapitawo kuti pakufunika masensa awiri. Anafunsa mtengo, nditawaonetsa anaimba mluzu, poti imodzi yokha ikufanana ndi malipiro anga a sabata ziwiri. Anati abwana akuti tidikire kaye. Kenako anandipatsa timapepala tobiriwira tomata kumbuyo kwa kagalu, tosonyeza kuti kayesedwa ndipo kali bwino, pansi pake pali posaina ine. Ndinati nanga tiwiri tija? Anandifunsa ngati tinalira kapena sitinalire. Ndinati tinalira, koma mochedwa. Anati papepalapo palibe polemba mochedwa.

Sindinena zambiri. Chiphaso changa chokhalira kuno chili m'dzina la kampaniyi, cha alamunso chimodzimodzi.

Mbuzi ija musagulitse, ngakhale amalume anu akakamize.

Ndine,
Bambo a ana.

20 Epulo

Mayi a ana,

Ndayamba ndi kukufunsani za moyo wanu ndi wa ana. Mwati apongozi mwendo wayambiranso, muwaperekeze kuchipatala, asamangomangapo nsalu. Kuno tonse atatu tadzuka. Kwayamba kuzizira, zenera lathu losweka lija tatsekapo ndi katoni.

Lachiwiri kunabwera kabokosi. Nditatsegula ndinapeza sensa imodzi yokha. Ndinathamangira akapitawo kuti mwina inayo yatsala m'galimoto. Anati ndiyamike kuti yabwera imodziyo, inayo mwina mwezi wamawa. Ndinafunsa kuti ndiike muti. Anandiyankha akuyenda kuti dokotala ndine.

Ndikuuzeni momwe ntchitoyo imayendera, kuti mudziwe zimene mwamuna wanu amachita kuno. Umayamba wazimitsa kagaluko, n'kukagoneka chafufumimba pa nsalu yoyera. Kumbuyo kuli timasikuluwu tinayi, tating'ono ngati mapira, ndimatiika m'chivindikiro cha botolo kuti tisagubuduke. Ukatsegula umakweza kabolodi kobiriwira pang'onopang'ono, chifukwa pali kawaya kopyapyala kopita ku batire, kakaduka basi wagwira m'mutu. Sensa yakale umaizula molunjika, osaipotokola, ili ndi timiyendo titatu tosachedwa kupindika. Yatsopano imabwera m'kachitini komata, ndipo kumiyendo kwake kuli kawaya kakang'ono koyenera kuchotsa kaye. Kumaso kwake sugwirako ndi chala, mafuta a m'manja amaitseka. Umalunjikitsa timiyendo m'timabowo, n'kukanikiza mpaka imveke kuti yakhala. Umasinthanso kasefa koyera ka pamwamba, n'kutseka, n'kumanga masikuluwu mosakhwimitsa kwambiri. Kenako umakasiya kapume kanthawi, umapita nako panja pa mpweya wabwino kuti kadziwe poyambira, ndiye n'kukayesa ndi botolo lija. Ntchito ya manja yokhayo sikwana ndi kotala la ola lomwe.

Koma ine ndinakhala pa tebulo kuyambira m'mawa mpaka nthawi ya tiyi, nambala thu kali kumanzere, nambala folo kali kumanja, kachitini kali pakati. Mkulu uja anandiphunzitsa kuti umayamba ndi kodwalitsitsa. Ndinkadziwa kuti kodwalitsitsa ndi kati. Ndinakumbukira tsiku lija apongozi anandigwira mkono pokwera basi, akuti mwana wangayu ndakupatsani inu. Ndinakumbukiranso kuti alamu sanafune kubwera, ndine ndinawakakamiza.

Ndinaika mu nambala folo. Nditayesa kanalira nthawi yomweyo, mpaka mayi wosesa anadzidzimuka n'kugwetsa tsache.

Madzulo tikudya ndinawauza Ometa kuti kagalu kawo kakalamba, asanalowe azikatsitsa kaye ndi chingwe n'kudikira mphindi zisanu, osati ziwiri zimene tinazolowera. Anati akapitawo amaima ndi wotchi pamwamba, mphindi zisanu azitenga kuti? Kenako anaseka, akuti galu wokalamba ndi mwini wake wokalamba amamvana. Za sensa yatsopano sindinawauze. Alamunso sakudziwa, ndipo inu musawauze pafoni.

Inayo ikangofika ndiika tsiku lomwelo. Ndikumakumbutsa m'mawa uliwonse mpaka akapitawo ayamba kundizemba.

Diresi lija lili m'chikwama, pansi pa shuga. Ngati lathina mundiuze, osangokhala chete ngati ulendo uja.

Ndine,
Bambo a ana.

11 Meyi

Mayi a ana,

Ndili moyo, alamu ali moyo. Mukamva mphekesera kuti kuno kwachitika ngozi musathamangire kulira, si ife. Muwauze apongozi ndi akazi a alamu lero lomwe, asamve kwa anthu ena.

Ometa atisiya Lachinayi.

Foni ndazimitsa dala, musade nkhawa mukapanda kundipeza. Mwezi uno chikwama sindinatumize, sindinapite kumsika. Ndilemba ndikakhazikika.

Mupsompsone ana.

Bambo a ana.

25 Meyi

Mayi a ana,

Pepani kuti ndinakusiyani m'malere. Ndikhulupirira nonse muli bwino. Ine thupi lili bwino, chakudya chokha ndi chimene sichikulowa. Ndamva kuti akazi a alamu achira, mwana wamkazi. Alamu atamva anakhala pa bedi n'kulira, kenako n'kuseka, kenako n'kuyang'ana bedi la Ometa.

Mwapempha kuti ndikuuzeni zonse. Ine kunalibe, ndinali pa tebulo langa, izi ndamva kwa amene anagwira chingwe. Anawatuma ku dzenje lakuya la kuseri kwa nyumba yophera ng'ombe, kumene kumatsikira magazi ndi madzi otsukira. Ometa anachita zimene ndinawauza. Anatsitsa kagalu ndi chingwe, anadikira, akapitawo akukalipa pafoni kuti galimoto ikufunika kwina. Kanali zii. Anakakoleka pachifuwa n'kutsika. Atangobaya fosholo m'matope a pansi, wa chingweyo anawaona akukhala pansi ngati munthu wotopa. Anawaitana kawiri, osayankha. Anayamba kukoka, koma chingwe chinakola pa makwerero, ndipo mnzake atafuna kutsika anamugwira malaya, apo ayi bwenzi maliro ali awiri. Pomwe amawatulutsa n'kuti papita nthawi.

Kagalu kanayamba kulira atawagoneka kale pa simenti. Akuti kanalira mpaka wina anakazimitsa.

M'chipwirikiticho kanaponyedwa m'galimoto n'kubwerera kuno, ndipo akapitawo akatsekera m'dilowa mwawo. Kumbuyo kwake kuli kapepala kobiriwira, tsiku la Lolemba la sabata yomweyo, ndi saini yanga.

Thupi analitumiza kwawo, tinasonkha tonse a m'nyumba muno. Katundu wawo akadali pano, akazi awo akuti adzatenga okha. Makina ometera ali pa msomali pomwe ankawakoleka, palibe amene wawakhudza. Lamlungu lapitali munthu wina wa m'nyumba yoyandikana nayo, amene sanamve, anabwera atakoleka thaulo m'khosi.

Alamu akungoyamika Mulungu. Akuti sabata imene ija kagalu kawo kanawatulutsa kawiri m'thanki, kakanakhala kaulesi ngati kale bwenzi mwana wawo atabadwa wamasiye. Akamanena zimenezi ine ndimatuluka kukachapa.

Akuti kubwera anthu a boma oona za ngozi za pantchito. Akapitawo ayamba kundipatsa moni m'mawa, dzulo anandigulira ndi chakumwa chozizira chomwe. Sindikudziwa kuti akufuna chiyani, koma ndikuganizira.

Mwana wa alamu mumugulire kabulangete m'dzina langa.

Ndine,
Bambo a ana.

15 Juni

Mayi a ana,

Moni kwa inu ndi ana. Kalatayi muwerenge muli nokha, wamkulu asakuwerengereni.

Kutatsala tsiku limodzi kuti anthu a boma afike, kunabwera bokosi. Masensa khumi. Amene ndinapempha miyezi itatu osaoneka anafika tsiku limodzi, pa njinga yamoto. Akapitawo analowa, anatseka chitseko, n'kuika nambala thu pa tebulo langa. Kanali kakadali ndi matope ouma m'mbali. Anati ndisinthe mphuno, ndipukute bwino, mawa anthuwo akakayesa kalire. Ndiye nkhani idzakhala yakuti kagalu kanali bwino, koma malemuwo ankakonda kukazimitsa chifukwa cha phokoso.

Ndinafunsa kuti zikatero akazi awo adzalandira chipukuta misozi? Anati zimenezo n'za maofesi. Kenako anatembenuza kagaluko n'kuloza kapepala kobiriwira.

"Saini iyi si yanga, si ya abwana," anatero. "Ndikukuthandiza iwe."

Ndinamasula masikuluwu anayi aja iwo ataima kumbuyo kwanga. Imodzi inagwa pansi, ndinaitola. Ndinazula yakale, ndinaika yatsopano, ndinatseka, ndinayesa. Kanalira bwino kwambiri. Anandisisita paphewa n'kunena kuti yakaleyo nditaye. Ndinaiponya m'bini iwo akuona. Atatuluka ndinaitola n'kuilowetsa m'sokosi. Sindinganame kuti ndinali nditaganiza kale chochita nayo. Ndinangolephera kuisiya mmenemo.

M'mawa mwake kunabwera mayi wina wamagalasi ndi mnzake wonyamula mafayilo. Anayesa nambala thu, kanalira. Akapitawo anafotokoza zawo zija, nkhope ili yachisoni, akuti malemuwo anawachenjezapo kangapo. Mayiyo analemba, n'kundifunsa ngati ndili ndi choonjezera. Ndikanati ayi bwenzi zitathera pomwepo. Koma ndinamva munthu akunenedwa kuti anadzipha yekha ndi kusamva, pamene ndi yekhayo amene anamvera zimene ndinamuuza. Ndinawerama, ndinavula nsapato pamaso pa onse, n'kuika sensa ija pa tebulo. Pambali pake pamalembedwa tsiku limene inapangidwa ndi nambala yake, ndipo nambalayo ili m'buku lolembamo masensa onse limene mkulu uja anandisiyira, moyang'anizana ndi nambala thu.

Mayiyo anaitembenuza ndi cholembera, n'kufunsa kuti timapepala tobiriwira ankasaina ndani. Ndinati ine. Anafunsa ngati ndinkadziwa kuti kanali kochedwa. Ndinati eya. Anatenga buku, tiagalu tonse tisanu ndi bokosi lomwe.

Ntchito inatha tsiku lomwelo. Mlonda wa pageti, amene timadya naye limodzi masana, ndi amene anandiperekeza kunja, maso ali pansi. Kampani aiimitsa kaye kulowetsa anthu m'maenje, ndiye anzanga enanso ali pakhomo, ndipo ena sakundiyankha moni. Sindikuwadandaula, nawonso ali ndi ana.

Mbuzi ija tsopano mukhoza kugulitsa.

Ndine,
Bambo a ana.

6 Julaye

Mayi a ana,

Kalatayi akupatsani ndi alamu, akukwera basi ya mawa m'mawa. Ndikhulupirira akupezani muli bwino nonse. Ine sindibwera nawo. Andiuza kuti ndisachoke mpaka nkhaniyi itazengedwa, mwina mwezi wamawa, mwina kupitirira. Mayi wamagalasi uja sanandinamize, anati kunena zoona kundithandiza koma sikufafaniza saini yanga. Pakali pano ndikukonza mafoni ndi mawailesi pa tebulo la munthu wina pafupi ndi pokwerera mabasi, chakudya chikupezeka. Chipindachi ndichoka kumapeto kwa mwezi, ndekha sindingachikwanitse.

Akazi a Ometa anabwera Loweruka, ulendo wa masiku awiri. Ndi mayi wochepa thupi, wolankhula motsitsa. Anapinda zovala za amuna awo chimodzichimodzi, makina ometera anawakulunga m'thaulo. Anali atamva za sokosi ija. Anandigwira manja onse awiri n'kunena kuti ana awo adzakula akudziwa kuti bambo awo sanali munthu wosamva, ndipo zimenezi ndawapatsa ndine. Ndinawanyamulira chikwama mpaka pa basi. Zija za mu Epulo sindinawauze. 

Alamu akudziwa. Sindinawauze ine. Tsiku lija anthu a boma ankawerenga buku mokweza, anamva kuti mu Epulo munabwera sensa imodzi, ndipo anamva kumene inapita. Anakhala nazo sabata zitatu osanena kanthu. Titabwerako kokaperekeza mayi aja anatseka chitseko n'kundifunsa kuti pa tiwiri tija kodwalitsitsa kanali kati. Ndinawauza. Anayang'ana manja awo.

"Ndiye mwana wanga ndizimunyamula bwanji, alamu?" anatero. "Munandifunsa ine?"

 Kuyambira tsiku limenelo amaphika, amandigawira, koma timadya aliyense atayang'ana kwake. Ntchito ina inapezeka ya kumathanki, akana, akuti m'dzenje sadzalowanso.

Akafika musawapanikize ndi mafunso. Muwapatse madzi osamba, muwasiye agone, aone mwana wawo. Akafuna kunena adzanena okha. Ana muwauze kuti bambo atanganidwa ndi ntchito, wamkulu asasiye sukulu ngakhale zitavuta bwanji. M'chikwama muli majuzi awiri ndi nyale ija munkaifuna, zina sindinakwanitse.

Chinthu chimodzi ndikupempheni. Apongozi akadzamva nkhani yonse adzafuna kundiimbira kuti andithokoze. Muwaletse. Pa mlandu adzandifunsa chifukwa chimene ndinasankhira nambala folo, ndipo ndidzayankha zoona, kuti munali mlamu wanga. Adzandifunsanso ngati ndikudziwa kuti ndinalakwa, ndidzavomera, chifukwa ndinalakwadi. Koma pali china chimene sadzandifunsa, ndipo sindingauze munthu wina koma inu. Ndakhala ndikubwerera pa tebulo lija tsiku lililonse, tiagalu tiwiri ndi kachitini kamodzi, kufuna kuona ngati dzanja langa lingapite kumanzere, kwa kagalu ka Ometa. Mpaka lero likupitabe kumanja.

Ndine,
Bambo a ana.